Makalasi odziteteza a pa boma la Mangochi: kagwedwe aphunzitsa bwino, za mpeni akanasiya

Pa boma la Mangochi pali makalasi odziteteza amene akukopa alonda a m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, anyamata a chitetezo cha m'mudzi, ndiponso amayi a geni ya usipa amene amalawirira kudoko kunja kusanache. Mphunzitsi wake ndi bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito ya upolisi, wodziwa judo ndi karati. Zimene amaphunzitsa n'zosakaniza: kugwetsa ndi kagwedwe watenga ku judo, kutchinga ndi kumenya watenga ku karati ndi ku nkhonya, pomwe kagwiridwe ka munthu, ndodo ndi unyolo ndi za kupolisi. Maphunziro ake ndi a masabata 12, katatu pa sabata, mphindi 90 tsiku lililonse. Kulipira n'kwa pamwezi, ndipo Airtel Money kapena Mpamba amalandira.

Kusakaniza kotere sikunayambire kuno. Mu 1947 apolisi a ku Japan anasonkhanitsa akatswiri a judo, karati, kendo (kumenyana ndi malupanga a nsungwi), masewera a ndodo ndi nkhonya kuti apange taiho-jutsu, kutanthauza luso logwirira munthu woti amangidwe. Cholinga chinali choti wapolisi agwire wopalamula osamupha, osamulumaza. Kalelo wapolisi wina wochokera ku Britain, W. E. Fairbairn, anali atachita zofananako ndi apolisi a ku Shanghai, ku China, n'kutcha luso lake Defendu. Onsewa ankakonzera munthu amene ntchito yake ndi kupita komwe kuli ngozi, n'kukhala pomwepo mpaka wogwidwayo atalowa m'galimoto. Mayi wosenza beseni la usipa alibe ntchito imeneyo. Iye akufuna kupulumuka m'manja mwa womugwira n'kukafika pamene pali anthu. Ubwino ndi vuto la makalasi a ku Mangochiwa zonse zagona pamenepa: pamene mphunzitsi walekanitsa zolinga ziwirizi, maphunziro ake ndi apamwamba, pamene waziphatikiza, mapanga awiri avumbwitsa.

Masabata atatu oyamba amathera pa kugwa basi, ndipo ophunzira ena amanyinyirika kuti analipira kuti aziponya zibakera. Asanyinyirike, chifukwa gawo limeneli lokha n'lokwanira ndalama zawo. Pa ndewu za pamsewu, chimene chimapha kawirikawiri si chibakera chenichenicho ayi, koma nkhongo kumenyetseka pa tala kapena pa simenti munthu akagwa chagada. Kuno amayamba wophunzira ali chogona: chibwano chigunde pachifuwa, maso ayang'ane pamchombo, msana upindike ngati uta, manja amenye pansi motalikirana ndi thupi madigiri 45, mpweya utuluke nthawi yomweyo. Akachita zimenezi ka 20 mutu osagunda pansi, amamukweza kuti ayambire chokhala, kenako chonyonyomala, pomaliza choimirira. Wolumpha sitepe amam'bweza. Cholakwika chimene pafupifupi aliyense amachita ndi kutsogoza dzanja lowongoka kuti adzichirikize. Thupi lonse likatsamira pa dzanja limodzi, chimathyoka ndi fupa la pamalo povala wotchi, kapena chigongono chimabinya, kapena fupa lopingasa la pakati pa khosi ndi phewa limathetheka. Mphunzitsiyu amapatsa wophunzira wotero kansalu koti apane ndi chibwano: kakagwa ndiye kuti mutu unadzuka. Amanenanso zoona pamene ambiri amabisa: kumenyetsa manja pansi mwamphamvu n'kwa pamatiresi. Pa miyala ya kumsika manja amangotsetsereka pansi mofatsa, ntchito yaikulu ichitike ndi msana wopindika.

Kudzuka amakuphunzitsanso molondola. Dzanja limodzi litchinge nkhope, linalo litsamire kumbuyo, phazi limodzi liponde, mwendo winawo ubwerere kumbuyo, munthu adzuke akutalikira mdaniyo. Wodzuka ndi mawondo awiri nkhope ili kutsogolo amakumana ndi nsapato.

Gawo lachiwiri ndi la mpata ndi pakamwa. Lamulo lake n'losavuta: munthu wosamudziwa amene akukuyandikirani mwaukali asafike pamene dzanja lake lingakukhudzeni osasuntha phazi. Amayesa mikono iwiri, ndiye kuti pafupifupi mita imodzi ndi theka. Zikhatho zikhale zotsegula pamaso pa chifuwa ngati munthu wopepesa, phazi limodzi kumbuyo pang'ono, thupi lopendekera chammbali. Kaimidwe kameneka kali ndi phindu pawiri. Manja ali kale pafupi ndi nkhope, komanso mboni zikadzafunsidwa zidzanena kuti inu munkaletsa ndewu. Wokunga zibakera amaoneka ngati ndiye woyambitsa. Mawu amawayeserera mokweza, holo yonse mpaka kulira: "Imani pomwepo!" "Ndisiyeni!" "Sindikukudziwani!" Amayi ambiri ndi anyamata oleredwa mwaulemu zimawavuta kukalipira munthu wamkulu, choncho zimatenga masabata kuti mawu atuluke kuchokera m'mimba.

Apa tiyamikire chinthu chimodzi chimene makanema a pa YouTube sangakuphunzitseni, chifukwa n'cha kwathu kuno. Mphunzitsiyu amachenjeza za kukuwa kuti "Wakubaa!" Mfuu imeneyi imabweretsa anthu msanga kuposa ina iliyonse, koma anthuwo amabwera ndi miyala, mwinanso petulo. Amalangiza kukuwa kuti "Ndithandizeni!" kapena kuimba wenzulo, ndipo alonda amawauza kuti ukagwira mbava ntchito yoyamba ndi kuichotsa pagulu: ilowe m'nyumba ya pageti, chitseko chitsekedwe, foni ipite kupolisi.

Kumasuka munthu akakugwira amakuphunzitsa ndi njira zochepa, ndipo n'chanzeru. Wophunzira njira 40 amaiwala zonse mantha akamugwira. Kuno zilipo zisanu. Akakugwira dzanja, pofooka pa chogwiracho ndi pamene chala chachikulu chakumana ndi zala zinazo: potozani mkono kuti mbali yake yopyapyala iloze pampata umenewo, chigongono chipite kutsogolo ngati mukufuna kugunda mkono wake, phazi litsatire. Cholakwika ndi kukokera kumbuyo, chifukwa pamenepo mwayamba kukokana ndi munthu wamphamvu kuposa inu. Akakugwirani ndi manja awiri, dzanja lanu lomasukalo ligwire chibakera cha dzanja logwidwalo, mudutsitse pakati pa mikono yake, mukweze ndi chiuno osati ndi mapewa. Akakukumbatirani chakumbuyo, tsitsani chiuno, miyendo itang'adze, kuti akakunyamulani amve ngati thumba la chimanga lonyowa. Kenako chidendene papazi pake ndi chigongono m'nthiti. Akakugwirani tsitsi kapena mpango, kanikizani dzanja lakelo pamutu panu ndi manja onse awiri kuti asakukhwekhwerezeni, kenako mutembenukire kwa iye. Akakukanyangani pakhosi chakutsogolo, musalimbane ndi zala zake. Kwezani mkono umodzi m'mwamba, mutembenuze thupi lonse kuti phewa lithyole chogwiracho. Apa nthawi ndi yochepa: mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa khosi ikapanikizika bwino, munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10.

Chimene chikusowa n'choti njira zisanuzi amaziyeserera kwambiri ndi mnzako wofatsa, wogwira n'kuima ngati mtengo. Wogwira weniweni amakoka, amakankha, amamenya ndi dzanja linalo. Kuyeserera ndi munthu wokana kumayamba sabata lachisanu ndi chinayi, pomwe kukanayamba lachisanu, pang'onopang'ono: mphamvu theka, masekondi 20, kupuma, kubwereza.

Pa kumenya, mphunzitsiyu anasankha bwino. Chibakera anachiika pambali, n'kutsogoza tsinde la chikhatho, chigongono ndi bondo. Chifukwa chake n'chomveka. Chibakera cha munthu wosazolowera chikagunda pamphumi, fupa la kuseri kwa kachala kakang'ono limathyoka, ndipo chikagunda mano, bala lake limatukusira koopsa. Mateche okwera a m'makanema kulibe. Mwendo sukwera kupitirira bondo la mdani, ndipo umaponyedwa pamsongolo. Zimenezi zimayenda ngakhale munthu atavala chitenje kapena mkanjo, ndipo n'zosangalatsa kuti kamodzi pa sabata ophunzira amabwera ndi zovala zawo za masiku onse, patapata ndi zikwama zomwe. Kalasi ya amayi ili payokha, ndipo pali mayi wothandizira amene amagwira ophunzira posonyeza njira. Ku boma ngati lino, kumene mabanja ambiri ndi achisilamu, popanda dongosolo limeneli amayi ambiri sakanabwera. Amakambanso za mpango wozungulira khosi kawiri, kuti wokoka chakumbuyo amausandutsa chingwe, choncho poyenda mumdima ndi bwino kuumanga moti ukakokedwa uvuke.

Gawo la apolisi ndi alonda ndi limene mphunzitsiyu amalidziwa kwambiri, ndipo zimaoneka. Kuperekeza munthu: dzanja limodzi pamalo povala wotchi, linalo pamwamba pa chigongono, inu muli chammbali ndi chakumbuyo pang'ono kumene dzanja lake linalo silikufikani. Akakana, mkono uwongoke, chigongono chiloze kumwamba, mkono wanu ukanikize pamwamba pake, inu muzungulire kuti agwe chamtsogolo pang'onopang'ono. Amabwereza kuti awiri agwire mmodzi, wina mkono uwu wina uwo, wachitatu ngati alipo aziyang'ana anthu ozungulira. Pa unyolo amanena zofunika zonse: manja kumbuyo, zikhatho ziloze kunja, mpata wolowa nsonga ya chala chimodzi utsale, ndipo loko yachiwiri itsekedwe kuti unyolo usapitirire kufinya munthu akautsamira m'galimoto. Unyolo wothina umapweteka mtsempha wodutsa chakumbali ya chala chachikulu, ndipo dzanzi lake lingakhale masabata kapena miyezi. Ndodo amati ipite pantchafu ndi paminofu ikuluikulu. Mutu, khosi, msana ndi pa impso n'zoletsedwa.

Pali mfundo ina imene amaitchula mongodutsa pomwe inafunika tsiku lathunthu. Njira zopotokola dzanja zimadalira ululu. Munthu woti wakhuta kachasu kapena wasuta chamba, kapena amene mutu wake sukuyenda bwino nthawiyo, ululu saumva msanga. Mlonda akaona kuti munthu sakugonja amawonjezera mphamvu, mpaka mkono kuthyoka, munthuyo akulimbanabe. Yankho lake ndi kugwira chiuno ndi mapewa, kumuchotsa pamene waponda, kapena kungotalikira n'kuitana anzako.

Koma cholakwika chachikulu pa gawoli ndi kugoneka munthu chafufumimba. Amaphunzitsa kuika bondo pamapewa pomanga unyolo, zomwe zimachitika m'maiko ambiri, koma satsindika mokwanira za zimene ziyenera kutsatira. Munthu wogona chafufumimba, manja ali kumbuyo, wina atamutsamira pamsana, chifuwa chake sichingafutukuke bwino. Ngati ndi wonenepa, woledzera, wa mphumu kapena wangothamanga kumene, akhoza kubanika m'mphindi zochepa. Akamaphupha, ogwirawo amaganiza kuti akukana, n'kumukanikiza kwambiri, pomwe iye akufuna mpweya. Kuti munthu akulankhula sizitanthauza kuti akupuma mokwanira. Imfa ya George Floyd, amene wapolisi anam'kanikiza ndi bondo pakhosi ali chafufumimba ku Minneapolis, ku America, mu 2020, inaonetsa dziko lonse zimenezi. Chofunika kubwerezedwa mpaka chilowe m'magazi n'ichi: bondo lisakhudze khosi kapena pakati pa msana, unyolo ukangotsekeka munthu atembenuzidwe chammbali kapena akhazikidwe tsonga, ndipo wina aziyang'ana kapumidwe kake. Wogwidwa akangoti zii mwadzidzidzi, musati wagonja.

Za malamulo amazifotokoza momveka, m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Munthu ali ndi ufulu wodziteteza, koma mphamvu zake zilingane ndi ngozi imene ilipo, ndipo zithe ngoziyo ikatha. Kuthamangitsa wakuba amene wataya kale katundu n'kukam'tema si kudzitetezanso. Mlonda kapena wa chitetezo cha m'mudzi si wapolisi: akagwira munthu ayenera kum'pereka kupolisi mosachedwa, osati kum'manga pamtengo mpaka m'mawa kuti aulule. Ngakhale apolisi enieniwo, Malamulo Aakulu a dziko lino amawalamula kufikitsa womangidwa kukhoti pasanathe maola 48. Chodandaulitsa n'choti anthu wamba ndi alonda amaphunzira gawo la kugwirali pamodzi. Mnyamata wogulitsa mayunitsi akaphunzira kugwetsa ndi kupanikiza munthu pansi, tsiku la ngozi adzakhala pamwamba pa mbava imodzi, osaona inzake ikubwera ndi chikwanje.

Tsopano za mpeni. Masabata awiri omaliza amathera pa kulanda mpeni ndi chikwanje, ndipo apa sitikugwirizana nawo m'pang'ono pomwe. Woyeserera amabaya kamodzi, mkono uli wowongoka, n'kuusiya pomwepo kuti mnzake augwire, aupotokole, mpeni wathabwa ugwe, anthu aombe m'manja. Wobaya weniweni satero. Amakugwira malaya ndi dzanja limodzi, linalo likulowa ndi kutuluka mofulumira, kanayi kasanu, ndipo obayidwa ambiri amayamba aganiza kuti amenyedwa chibakera. Mu 1983 wapolisi wa ku Salt Lake City, ku America, Dennis Tueller, anaonetsa kuti munthu wa mpeni amatha mtunda wa mamita 6.4 m'sekondi imodzi ndi theka. Amene akukayika ayese izi: wina avale malaya oyera akale, mnzake atenge choko chonyowa kapena khala m'malo mwa mpeni, amuukire ndi mtima wonse kwa masekondi 10. Werengani mizere pamalayapo. Ngakhale katswiri amatuluka atalembedwa.

Masabata awiri amenewa akanapita ku zinthu zopulumutsadi. Wofuna foni m'patseni, muiponye mbali ina inu muthawire kwina. Ngati pothawira palibe, pakati pa inu ndi iye pakhale chinthu: njinga, benchi, beseni, chikwama cha kumsana chitagwidwa kutsogolo. Kwa chikwanje, malo oopsa kwambiri ndi pamene nsonga yake imafikira. Muzikhala kutali zedi, ndipo kulowa pafupi n'kukakamira mkono wake ndi manja awiri ndi njira ya munthu amene wapanikizidwa pakona. Komanso akanaphunzitsa kuletsa magazi, zomwe kulibiretu. Nsalu yoyera ikanikizidwe pabala mwamphamvu osatukula kuti muone. Ikanyowa, ina iikidwe pamwamba pake. Mpeni wotsalira m'thupi usazulidwe. Ngati magazi a pamkono kapena pamwendo akutumphuka osaleka, mangani nsalu yotambalala masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa balalo, osati pabondo kapena pachigongono, muipotokole ndi kamtengo mpaka magazi asiye, mulembe nthawi, muthamangire kuchipatala. Kwa munthu wa ku Makanjira kapena Namwera, kumene ulendo wofika ku chipatala cha boma ndi wautali, luso limeneli n'loposa njira iliyonse yolanda mpeni.

A kabaza a njinga zamoto nawonso sanaganiziridwe, chonsecho ndi amene amanyamula anthu osawadziwa usiku, mdani ali kumsana. Mwa zonse zimene zikuphunzitsidwa palibe imodzi yoyambira chokhala panjinga.

Malo ophunzirirawo ndi apakatikati. Holoyo ndi ya malata, pansi pa simenti, ndipo matiresi ake ndi a siponji ogonera, olumikizidwa ndi nsalu ya tenti. Siponji yogonera ndi yofewa mopitirira: phazi limamira, thupi likatembenuka bondo kapena kakolo amatsalira, ndiponso munthu wolemera akagwa imaphwatalala mpaka kumva simenti. Pamene matiresi awiri akumana pamatseguka mpata wokola zala za kumapazi. Loweruka amapita pamchenga, zomwe zili bwino malinga ukhale mchenga wouma wotifuka, wochotsedwa magalasi ndi mbedza. Mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi ndi wolimba ngati pabwalo. Ukhondo ukuperewera. Anthu 25 akagubuduka pansalu imodzi ndi thukuta la kuno, chipere sichichedwa kufala. Nsaluyo imafunika kupukutidwa tsiku lililonse ndi kapu imodzi ya JIK m'makapu 30 a madzi, n'kuisiya iume, ndipo wa chipere kapena chilonda chosamanga adikire kaye. Magolovesi alipo mapeya anayi okha obwerekana, ndipo zoteteza mano aliyense agule zake.

Nthawi anaisankha mwanzeru: 5:30 m'mawa kapena 4:30 madzulo, Lachisanu kulibe kalasi, ndipo m'mwezi wa Ramadan amasunthira usiku anthu atamasula. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Mangochi amatentha ngati ng'anjo, kalasi ya madzulo m'holo ya malata ndi yolemetsa. Sankhani ya m'mawa, mubwere ndi madzi osachepera lita imodzi ndi theka, muzimwa pang'ono mphindi 15 zilizonse. Wochita chizungulire kapena kusokonezeka atulutsidwe, athiridwe madzi, apite pamthunzi. Pa kugunda mutu mphunzitsiyu ndi wokhwima moyenera: wogunda mutu n'kuona zideruderu sabwereranso tsiku limenelo, ndipo akasanza mobwereza kapena kuyamba kusinza amam'tumiza kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa mlonda ndi wa chitetezo cha m'mudzi, makalasiwa ndi oyenera ndalama zake, bola afunse mphunzitsi kuti abwereze za kutembenuza womangidwa chammbali mpaka aliyense azichita osauzidwa. Mabwana a malo ogona alendo a ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay amene akufuna kutumiza alonda awo, atumize awiriawiri ogwira shifiti imodzi, popeza njira zambiri n'za anthu awiri. Kwa mayi wa geni, mwana wasukulu kapena wogwira ntchito mu ofesi, masabata asanu ndi atatu oyamba ndi amene ali ndi phindu. Akafika pa unyolo ndi mpeni, apemphe kuti nthawiyo azibwereza kumasuka ndi kuthawa ndi mnzake wokana zenizeni. Tsiku loyamba amalola kungoonerera osalipira. Mukapita, yang'anani ngati wophunzira akagogoda pansi kawiri posonyeza kuti wagonja mnzake amam'siya pompo, ndiponso muone amene amapatsidwa wophunzira watsopano kuti ayeserere naye: azikhala wofanana naye thupi, osati chimphona chofuna kudzionetsera.